Chiphunzitso cha Kuphimba: Malangizo kwa Eni Mapikapu Okalamba a ku Mzimba

Pikapu, yomwe ndi galimoto yokhala ndi mpando wa anthu awiri kapena atatu kutsogolo ndiponso malo onyamulira katundu kumbuyo, imasenza udindo waukulu m'boma la Mzimba kuposa umene amisiri oipanga anauganizira, pakuti m'boma limeneli, lomwe ndi lalikulu kuposa maboma onse a m'Malawi, galimoto imodzi yomweyo imakhala basi m'mawa, ambulansi masana, galimoto ya maliro Loweruka, ndipo Lamlungu imanyamula kwaya yonse pamodzi ndi ng'oma zake. Gawo limene limamva zowawa zonsezi ndi bodi, kutanthauza chibokosi chachitsulo chopanda denga chimene chimamangidwa ndi mabawuti pamwamba pa tchesi, tchesiyo kukhala zitsulo ziwiri zazitali zimene galimoto yonse imakhalapo. Bodi ikakalamba imagwidwa ndi matenda awiri, dzimbiri ndi makwinya, ndipo njira zochizira zilinso ziwiri. Yoyamba ndi yodula chowola n'kuikapo chitsulo chabwino, ndipo imadya nthawi, ndalama ndi thukuta. Yachiwiri ndi yophimba, imene maziko ake ndi mfundo yakuti chimene diso silikuona sichingavutitse mtima. Nkhani ino ikuimira kumbuyo njira yachiwiriyi, ndipo yoyambayo ikufotokozedwa mwatsatanetsatane kuti wowerenga aizindikire msanga n'kuipewa.

Mbiri ya wodwalayo

Mapikapu ambiri oyenda pakati pa Mzimba Boma, Jenda, Embangweni ndi Edingeni anayambira moyo wawo ku South Africa, dziko limene amuna a m'boma lino akhala akupitako kuyambira nthawi imene bungwe la Wenela linkalemba anthu okagwira ntchito m'migodi. Kulembako kunaimitsidwa m'chaka cha 1974 ndege yonyamula Amalawi ochokera kumigodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, koma ulendo wa ku Joni sunathe, ndipo patapita zaka unabala ntchito ya matransipota, omwe ndi anthu onyamula apaulendo ndi katundu wawo pakati pa Johannesburg ndi midzi ya ku Mzimba. Pikapu ya transipota imadutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, mtunda woposa makilomita 2,000, itasenza mafiriji, mabedi, masofa ndi njinga, uku ikukoka ngolo inanso kumbuyo, ndipo ikatopa imapatsidwa mpumulo woiyenera, umene ndi kuyamba matola m'misewu yafumbi ya ku Mqocha, Luwerezi ndi Khosolo.

Opanga Toyota Hilux, yomwe inayamba kupangidwa m'chaka cha 1968, ndiponso opanga Isuzu KB, amanena kuti galimoto zamtunduwu zinyamule katundu wokwana pafupifupi tani imodzi, omwe ndi matumba 20 a makilogalamu 50, pamene Nissan 1400, imene inaleka kupangidwa m'chaka cha 2008, inkayenera kunyamula pafupifupi theka la katundu ameneyo. Mwini galimoto wanzeru ayenera kuona manambala amenewa ngati poyambira kukambirana chabe, chifukwa anthu amene anawalemba sanaimepo pamsika wa Jenda madzulo, pamene amayi ogula tomato, anyezi ndi mbatatesi amafuna kupita onse nthawi imodzi ndipo galimoto ndi imodzi yokha. Muyeso woona wa katundu ndi masipuling'i, zitsulo zosanjikizana zimene zinapangidwa zopindikira m'mwamba, ndipo zikawongoka n'kuyamba kupindikira pansi ndiye kuti patsala malo a anthu anayi okha.

Dzimbiri ndi kadyetsedwe kake

Dzimbiri limabadwa pamene chitsulo chakumana ndi madzi ndiponso mpweya wa okosijeni, ndipo zitatuzi zikagwirizana chitsulo chimasanduka ufa wofiira umene umatenga malo ambiri kuposa chitsulo chimene wachokerako, n'chifukwa chake utoto umatukuka matuza usanasweke. Mchere ndi asidi, kutanthauza madzi owawasa amene amadya chitsulo, zimafulumizitsa ntchitoyi, kotero kuti galimoto imene inakhala zaka zambiri m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Durban kapena ku Cape Town imafika ku Mzimba itatenga kale mbewu ya matendawa. Mzimba ali kutali ndi nyanja ya mchere, koma mwini galimoto asade nkhawa, pakuti zonse zimene dzimbiri limafuna zimapezeka m'boma momwemo pamtengo wotsika.

Chakudya choyamba ndi feteleza, amene amanyamulidwa kwambiri mu Novembala ndi mu Disembala mvula ikuyamba. Timibulu ta Urea, CAN kapena NPK timene tatayika thumba likang'ambika timakoka chinyezi chochokera mumpweya n'kusanduka madzi amchere, amene amatsikira m'mizere ya pansi pa bodi ndi m'malo olumikizira zitsulo, m'mene tsache silifika. Chakudya chachiwiri ndi madzi a tomato wophwanyika, ndowe ndi mkodzo wa ng'ombe ndi mbuzi zopita kumsika kapena kumalowolo, ndiponso matope a m'madambo a South Rukuru amene amamatirira kunsi kwa madigadi n'kusunga chinyezi mpaka mwezi wa Juni. Otsatira njira yodula amalangiza kuti bodi izitsukidwa ndi madzi ambiri tsiku lomwelo limene yanyamula feteleza, ndiponso kuti mabowo otulutsira madzi amene ali m'makona mwake azitsekulidwa ndi waya. Malangizo amenewa ngoopsa, chifukwa amachotsera amisiri a pa Boma ntchito ya chaka chamawa. Choyenera kuchita n'kuyala matabwa a ku Chikangawa, makatoni kapena mphasa pansi pa bodi n'kuzisiya pomwepo dzinja lonse, kuti chinyezi chikhale mumthunzi ndipo dzimbiri lidye mwaufulu popanda womalisuzumira.

Dzimbiri lili ndi misinkhu itatu. Loyamba ndi lapamwamba, limene limachoka ndi bulashi ya waya ndi sandipepa, pepala lokhakhala lopalira chitsulo, ndipo pamsinkhu umenewu ntchito yonse imatha masana amodzi. Lachiwiri ndi lamamba, limene limasendeka n'kusiya timaenje, ndipo limafuna gilayinda, makina amagetsi opalira ndi kudulira chitsulo, komanso mankhwala okhala ndi asidi wa fosiforasi amene amasandutsa dzimbiri lotsalira kukhala khungu lakuda lolimba lolandira utoto. Lachitatu ndi loboola, pamene apaulendo amaona msewu ukuthamanga pansi pa mapazi awo. Mwini galimoto akulangizidwa kudikira msinkhu wachitatuwu, chifukwa bowo lili ndi maubwino amene chitsulo chathunthu chilibe: limatulutsa madzi a mvula palokha, limapepuza katundu pang'onopang'ono pamene chimanga chikuwazika m'njira, ndiponso limadyetsa nkhuku za m'midzi yonse yapakati pa Champhira ndi Emfeni, zomwe ndi chitukuko chosadikira thandizo lakunja.

Za makwinya

Makwinya ndi malo amene chitsulo chalowa m'kati kapena chatukukira kunja chifukwa chomenyedwa ndi njerwa zoponyedwa, migolo yogubuduzika, nyanga za ng'ombe, kapena mtengo wa mango umene unabwera wokha galimoto ikubwerera m'mbuyo. Chitsulo chikamenyedwa chimatamuka, kutanthauza kuti chimakula pang'ono n'kupyapyala, ndipo sichingabwerere m'malo mwake pongochimenya kamodzi pakati. Mmisiri wowongola magalimoto amene anaphunzira bwino, kaya kusukulu ya ntchito zamanja yovomerezeka ndi TEVETA kaya kwa mkulu wina pansi pa mtengo, amagwira kachitsulo kolemera kumbuyo kwa malo opindikawo, n'kumamenya pang'onopang'ono ndi hamala yopepuka kuyambira m'mphepete kulowera pakati, ndipo pamene chitsulo chatamuka kwambiri amachitenthetsa kadontho kamodzi mpaka kufiira, n'kuchiziziritsa ndi nsanza yonyowa kuti chikhwinyate. Amasamalanso mizere yotukuka ya pansi pa bodi, popeza mizereyo ndiyo imapatsa mphamvu chitsulo chopyapyala.

Njira imeneyi imafuna kudekha, ndipo kudekha sikumveka patali, kotero anthu odutsa sangadziwe kuti pagalajapo pakugwiridwa ntchito. Chiphunzitso cha kuphimba chimasankha hamala yoswera miyala, imene ikagunda kamodzi pakati pa khwinya lolowa m'kati imabala khwinya lotulukira kunja pamodzi ndi ana ake anayi m'mbali, ndipo phokoso lake limatsimikizira mwini galimoto kuti ndalama zake sizinapite pachabe. Chitseko cha kumbuyo, chimene chimapindika pakati chifukwa chokhalidwa ndi kondakitala ndi anzake awiri, sichiyenera kuwongoledwa konse, pakuti chingwe cha mphira chodulidwa ku chubu chakale chimachigwira bwino lomwe, ndipo kumasula mfundo zake pa siteji iliyonse kumapatsa apaulendo mpata wowongola miyendo.

Kuwotcherera

Bowo likakula mpaka mwana wa mbuzi kugweramo, nthawi ya chigamba yakwana. Anthu ovuta amati choyamba n'kugogoda pozungulira bowolo ndi sikuludilaiva kuti padziwike pamene chitsulo chamoyo chikuyambira, kenako kudula chowola chonse, kusema chigamba cha chitsulo chokhuthala mofanana ndi cha bodi, n'kuchilowetsa m'bowomo kuti milomo ya zitsulo ziwirizo ikumane popanda kusanjikizana. Amatinso powotcherera azidontheza moto apa ndi apo motalikirana, n'kumadikira kuti pazizire, chifukwa chitsulo cha bodi n'chopyapyala, chosapitirira kwenikweni milimita imodzi kapena ziwiri, ndipo chikatenthedwa malo amodzi nthawi yaitali chimapindika kapena kubooka. Zonsezi zimatanthauza kuti bowo liyenera kukulitsidwa lisanatsekedwe, mfundo imene palibe mwini galimoto wolipira ndalama zake angailandire ndi mtima woyera.

Njira yolangizidwa pano ndi yoika chigamba pamwamba pa bowo, dzimbiri lili momwemo, kuti pakati pa zitsulo ziwirizo pakhale chipinda chimene madzi angalowemo koma dzuwa ayi. Chigambacho chikhoza kuchokera ku mgolo wakale wa mafuta, ku chitseko cha firiji yakufa yochokera ku Joni, kapena ku lata lotsala pomanga nyumba, ngakhale kuti lata limakutidwa ndi zinki amene utsi wake umadwalitsa munthu mutu ndi kumutenthetsa thupi usiku wonse. Owotcherera ndi magetsi agwiritse ntchito ndodo zokhuthala zowotcherera mafelemu a mawindo, kuti pa bowo lililonse lotsekedwa pabadwe mabowo ena atatu, ndipo magetsi a ESCOM akathima pakati pa ntchito, nthawiyo igwiritsidwe ntchito pokambirananso mtengo. Owotcherera ndi gasi, amene amathira madzi pa kabayidi, mwala wotuwa umene ukanyowa umatulutsa mpweya woyaka, akhoza kusungunula waya wa mpanda m'malo mwa ndodo yogula. Maso atetezedwe ndi magalasi a dzuwa a pamsika, ndipo mchenga umene mmisiri amaumva m'maso pakati pa usiku autenge ngati umboni wakuti anagwira ntchito.

Pali mfundo imodzi yokha imene magulu onse awiri amagwirizana, chifukwa amene anaitsutsa sakupezekanso kuti apitirize mtsutsowo: thanki ya mafuta ya pikapu imakhala pansi pa bodi penipeni, ndipo thanki ya petulo imene yatsala pang'ono kuuma imaphulika msanga kuposa yodzaza, popeza chimene chimayaka ndi mpweya wa mafutawo. Bodi imasulidwe mabawuti n'kunyamulidwa ndi anthu angapo kuikidwa patali, kapena thankiyo ichotsedwe, ndiponso nthambo za batire zimasulidwe moto usanayatsidwe.

Fila, mwala wapangodya wa chiphunzitsochi

Fila ndi phala lamankhwala logulitsidwa m'zitini, limene limasakanizidwa ndi kamankhwala kena koumitsa pamlingo wa pafupifupi magawo 2 pa 100 alionse, ndipo limayamba kulimba pakangopita mphindi zochepa. Opanga ake anaikonzera kusalaza timakwinya totsalira chitsulo chitawongoledwa kale, ndipo amafuna kuti ipakidwe pa chitsulo choyera, chouma ndi chopalidwa, mosapitirira mamilimita ochepa. Amachenjezanso kuti fila imamwa madzi ikasiyidwa yosapakidwa utoto, ndiponso kuti siipindika pamodzi ndi chitsulo, kotero kuti pansi pa bodi, pamene pamagwera matumba ndi njerwa, imasweka. Machenjezo amenewa analembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono m'mbali mwa chitini, chizindikiro chakuti ngakhale olembawo sanafune kuti awerengedwe.

Mmisiri wokhwima m'chiphunzitso cha kuphimba amaona fila ngati chitsulo chimene sichinaume, ndipo bowo lililonse losapitirira chikhatho amalitseka kumbuyo ndi katoni, nyuzipepala kapena chidutswa cha neti ya udzudzu, n'kumata phalalo mpaka ngodya imene inatha kalekale iumbikenso. Kuyambira pamene mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zochokera kunja zinakwera mtengo, choncho kamankhwala koumitsa kakhoza kuchepetsedwa, ngakhale kuti zikatero fila imakhala yofewa ndipo imamata sandipepa m'malo mopalika. Pikapu yokonzedwa motere imalemera kuposa mmene inachokera kufakitale, zomwe zimaithandiza kugwira msewu potsetsereka, ndipo ikagunda bampu m'njira ya ku Mabulabo, chidutswa chimene chagwa chimatoledwa n'kusungidwa kuseri kwa mpando kudikira tsiku lomatanso.

Utoto ndi nyengo yake

Ofuna kuvutika amapukuta chitsulo ndi thinazi kuti mafuta achoke, amapaka utoto woyamba woletsa dzimbiri, monga uja wofiira wopaka zitsulo za mageti, amamata phula kapena mankhwala otsekera m'malo olumikizira, kenako amapaka utoto weniweni kawiri kapena katatu, osaiwala kunsi kwa bodi kumene dzimbiri limayambira nthawi zambiri. Ena amafika popaka mphira wamadzi m'kati monse mwa bodi, monga amachitira ku South Africa, kuti feteleza asakhudzenso chitsulo. Cholakwa cha anthu amenewa n'kuwononga utoto pa malo amene palibe munthu adzawaone pokhapokha galimotoyo itagubuduzika.

Utoto uyenera kupita kumene kuli maso, ndiko kunena kuti m'mbali ndi pa chitseko cha kumbuyo, ndipo nyengo yabwino youpopera ndi Seputembala kapena Okutobala, pabwalo, mphepo ikuuluza fumbi, kuti bodi ikhale yokhakhala ndipo ana asamatererepo. Amene akufuna kuti galimoto ikaoneke bwino pa mwambo wa Umthetho, umene umachitikira m'munsi mwa phiri la Hora mwezi wa Ogasiti, apopere dzulo lake, kuti apaulendo akafike atavala mtundu umodzi ndi galimoto. Mtundu wa utoto usafanane kwenikweni ndi wa kutsogolo, chifukwa kusiyanako kumadziwitsa anthu kuti mwiniwake anaikapo ndalama, ndipo pamalo pamene fila yatukuka palembedwe mawu achipembedzo m'Chitumbuka kapena m'Chizulu, popeza palibe munthu waulemu amene angagogode pa dzina la Mulungu kuti amve ngati pansi pake pali chitsulo.

Kayesedwe ndi kagulitsidwe

Galimoto yoyenda pamsewu imayenera kukhala ndi chiphaso chotsimikiza kuti ili bwino, chimene anthu amachitcha COF, ndipo oyesa amayang'ana mabuleki, magetsi, matayala ndi tchesi. Apa mpamene wotsatira chiphunzitsochi ayenera kukhala tcheru, chifukwa dzimbiri limene laleredwa bwino pa bodi silikhala pamenepo mpaka kale: limatsikira ku mabawuti, ku zitsulo zopingasa zimene bodi imakhalapo, ndipo pomaliza ku tchesi, pafupi ndi pamene masipuling'i amangidwa. Tchesi ikathyoka pa chitunda katundu ali pamwamba ndiponso anthu ali pamwamba pa katunduyo, nkhaniyo imachoka m'manja mwa amisiri n'kupita ku chipatala cha Embangweni kapena cha pa Boma, kumene fila siigwira ntchito. Nzeru yake n'kugulitsa galimotoyo zimenezi zisanachitike, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene alimi a fodya, soya ndi chimanga agwira ndalama ndipo mvula, imene imaulula zinsinsi za utoto, ikadali kutali.

Mdani wamkulu wa wogulitsa ndi maginito, ngakhale aang'ono ochotsedwa mu sipika yakufa ya wailesi, chifukwa amakakamira pa chitsulo koma amagwa pa fila yokhuthala, ndipo wogula amene wabwera nawo m'thumba amatha kuwerenga mbiri yonse ya bodi m'mphindi zisanu. Wogula wotere, komanso uja amene amagona chagada pansi pa galimoto ndi tochi, kapena amene amapempha kuti matabwa a pansi achotsedwe, ndi munthu amene anamvera agogo ake pamene ankanena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ayenera kuuzidwa mwaulemu kuti galimotoyo yagulidwa kale. Wogula woyenera ndi amene amayamba wafunsa ngati wailesi ikulira.

Kufalikira kwa chiphunzitsochi

Umboni wakuti chiphunzitso cha kuphimba n'cholondola ndi wakuti chinatuluka m'magalaja n'kulandiridwa m'ntchito zikuluzikulu. Dzenje la mumsewu wa phula limathiridwa dothi mlendo wolemekezeka akatsala pang'ono kudutsa, khoma losweka la sukulu limapakidwa laimu mbali yoyang'ana kumsewu, ndipo mlatho umene mizati yake yadyeka umalandira utoto watsopano pa zitsulo zogwirira. M'zonsezi ndondomeko ndi imodzimodzi ndi ya bodi ya pikapu: chowola sichidulidwa, chophimba chimaikidwa pamwamba, mwambo wopereka umachitika m'chilimwe, ndipo mvula yoyamba ikagwa ntchito yomweyo imalipiridwanso kachiwiri, zomwe zimathandiza kuti ndalama ziziyenda m'manja mwa anthu ambiri.

Wowerenga amene, ngakhale wamva zonsezi, aumirirabe kutsuka bodi akatsitsa feteleza, kutsekula mabowo a madzi, kupala dzimbiri likadali lapamwamba, kudula chowola mpaka pa chitsulo chamoyo ndi kupaka utoto kunsi kumene kulibe omuyamikira, adziwiretu chilango chake. Adzakhala ndi galimoto yomweyo zaka zina zambiri, amisiri a pa Boma adzaiwala dzina lake, sadzakhala ndi chifukwa chopemphera ndalama kwa mwana wake wa ku Joni Disembala aliyense, ndipo ana ake adzalimbirana pikapuyo pa tsiku logawa chuma cha masiye, mkangano umene mwini galimoto yomatidwa ndi fila amaupewetsa banja lake kotheratu.